Router Ndinaidzutsira M'nkhokwe ya Apongozi

Amene mumati munachitapo manyazi, takhalani pansi mumve zanga. Ine ndi mkamwini uja anapezeka m'nkhokwe ya apongozi masanasana.

Ntchito yanga ndi yoyang'anira makina a netiweki mu data centre ya kampani ina ku Lilongwe, ndipo zambiri ndimakonza ndili kutali, pa laputopu. Ndiye ine ndi mkazi wanga Nachisale tinapita kwawo ku Champiti, ulendo woyamba chikwatiranireni. Abwana anandilola monyinyirika: "Netiweki ikagwa iwe osaidzutsa, ukakhale konko."

Tangokhala pamkeka, foni inalira. Uthenga wochenjeza! Router yaikulu, makina olumikiza maofesi athu pa netiweki, yauma, maofesi onse ali chete.

Sindinade nkhawa kwambiri, poti tili ndi out-of-band, kakhomo kakuseri kolowera m'makina ngakhale netiweki yonse itafa. Koma kakhomoko kamafuna foni yanga igwire. Pakhonde, zii. Kukhola, zii. Pafupi ndi nkhokwe, kamzere kamodzi ka netiweki pafoni!

Denga la nkhokweyo anali atalitsitsa kuti alifolerenso. Ndinakwera makwerero mwakachetechete. Pamwamba, netiweki yodzadza! Ndikuti ndikhale bwino, khuu, ndinagweramo, laputopu nditainyamula m'mwamba.

Mwamwayi m'katimo foni inkagwirabe. Ndinakhala pachimanga, ndinalowa pa console, polembera malamulo a makinawo, n'kuilamula router ija reboot, kuti izime iyakenso. Podikira, pemphero linandituluka mokweza: "Ambuye, izi zikakanika, kunyumba kwathu tidya chiyani?"

Kenako zizindikiro zonse pa laputopu zinabiriwira, netiweki yadzuka ofesi ndi ofesi. Ndinatola chisononkho cha chimanga n'kuchikweza ngati chikho cha mpikisano. "Tapulumuka! Chaka chino tidya!"

Nditayang'ana kumwamba, maso anga anakumana ndi a apongozi, ali pamakwerero, dzanja pakamwa.

"Nachisale!" anakuwa. "Mwana wa eniake ukumusunga bwanji m'tauni muja?"

"Amayi, ndi za kuntchito izi..." ndinayamba.

"Musavutike kufotokoza, bambo. Ndamva ndekha pemphero lanu."

Tinabwerera ku Lilongwe galimoto itakhala pansi ndi chimanga ndi mbatatesi. Abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga onse, ati ndine katswiri wa remote management, kukonza makina uli kutali. Mpaka lero, akangokolola, apongozi amatumiza thumba, ndi uthenga kwa mwana wawo: "Ili ndi la bambo okha, asamapemphere ndi njala."

Mukapita kwa apongozi, yambani mwafunsa pamene foni imagwira musanakwere chilichonse.