Kapitawo Watsata Mapoto

Lolemba

Kapitawo kulibe. Lero ndi tsiku lachitatu.

Ndi galu wa amuna anga, bambo a Esinati. Anamutcha dzinali atangoyamba kudula nzimbe ku Nchalo, ati nawonso akhale ndi kapitawo woti akamuuza kuti "choka apa" azichokadi. Iwowo akubwera Lamulungu, patatha miyezi itatu. Tsitsi ndalukitsa kale, mizere yooneka bwino, m'mutu mukadawawa.

Chinachitika n'chakuti Loweruka anaba mlamba wanga wowamba, wathunthu, ine n'kumugenda ndi chikuni. Chinamupeza. Analira mpaka kuseri kwa khola la mbuzi, osabweranso. Ndiye pa anthu onse a kwa Ndamera kuno, woti aone zimenezi ndani? Alamu anga a Chanaze, mlongo wawo wa bambowa, ali chilili pampanda.

Masana foni yalira. "Kapitawo ali bwanji?" Ine mkazi wawo andifunsa pambuyo pake, limodzi ndi mbuzi. Ndayankha kuti ali bwino, wagona pamthunzi. Pakamwa pangapa, abale!

Galuyo sindimukonda, mudzi wonse ukudziwa. Ndinanenapo pamjigo kuti tsiku lina ndidzamuthirira mankhwala a makoswe. Zinali zocheza. Koma akapanda kupezeka, bambo a Esinati adzati ndinamupha ndine, ndipo sadzandikhulupiriranso pa chilichonse.

Pulani:
1. Chingwe.
2. Mutu wa mlamba, ikhale nyambo.
3. A Chanaze asadziwe kanthu.
4. Pofika Lachitatu galu ali pakhomo, nkhani yatha.

Lachiwiri

Wakabaza wina akuti waona galu wofiirira wong'ambika khutu pamaliro, mudzi wachiwiri kuchoka pano. Ndi yemweyo!

Ndamanga chingwe m'chiuno mkati mwa chitenje, mutu wa mlamba m'jumbo, ulendo. Dzuwa likuswa mtengo. Ndimati ndikangofika ndimukole ndizibwerera.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Pamaliro sufika n'kufunsa za galu. Suimba likhweru. Sungazungulire nyumba ya eni ake ukusuzumira pansi pa nkhokwe. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, amayi ena andigwira dzanja, andilowetsa m'nyumba ya siwa, andikhazika pakati penipeni, miyendo yowongola.

Kutentha! Mutu wa mlamba wayamba kulankhula m'jumbo. Amayi oyandikana nane akununkhiza uku ndi uku, ntchentche zonse zasankha ine.

Kenako ndikumuona pakhomo. Mchira wake, ndi khutu lake lomwe lija. Akudutsa mosatekeseka kulowera kumene akuphika, ngati anachita kuitanidwa. Ndati ndidzuke, nyimbo yayamba. Yatha, ina yayamba. Ndalira ndi ukali, misozi yeniyeni, mpaka mamina. Agogo ena akundisisita pamsana, ati, "Limbani mtima mayi, tonse njira ndi yomweyi."

Dzina la malemu sindikulidziwa. Ndikuganiza kuti anali amuna.

Lachitatu

Ndabwererako m'mamawa. Maliro aikidwa lero. Anali akazi.

Andipatsa ntchito yotunga madzi, poti akuti dzulo ndinaonetsa mtima. Maulendo asanu ndi atatu kumjigo, khosi langa ili! Ulendo uliwonse ndikafika, amayi ophika akudandaula za kagalu kakuba kamene kangochoka kumene. Ndingati ndi wathu? Wamaliza chiwindi cha mbuzi chimene anasungira abusa.

Anthu atabalalika ndazungulira ponseponse, ndikunong'ona dzina lake ngati ndikupemphera. Palibe.

Wondimasulira ndi bambo woyendetsa ngolo ya ng'ombe. Mapoto akuluakulu ophikira pamaliro ndi a mpingo, amabwerekedwa kulikonse kwagwa zovuta. Akuti atangowakweza pa ngolo ya mnzake kupita ku maliro ena cha ku Marka, galu anadzuka n'kulondola pambuyo. "Ameneyo ngwanzeru, mayi. Wadziwa kuti kumene kwapita mapoto ndi kumene kuli nyama."

Ngwanzeru! Pakhomo pano kuthamangitsa nkhuku pamphasa ya mapira kumamukanika.

A Chanaze andipeza ndikusambitsa mapazi. "Alamu, galu wa achimwene sindikumuona." Ndati akuyendayenda. "Ehe. Inunso mukuyendayenda."

Pulani yatsopano:
1. Chingwe chomwecho.
2. Nyambo ayi. Ndataya, ndi jumbo yomwe.
3. Osalowa m'nyumba. Osakhala pansi. OSALIRA.

Lachinayi

Ndalowa m'nyumba. Ndakhala pansi.

Amwalira ndi akazi a madala ena, a Alufandika, kufupi ndi malire a Mozambiki. Njira yonse ndimadziuza kuti kuno palibe wondidziwa. Ndangofika, amayi amene anabwera ndi mapoto aja: "Awo afika, mayi olira aja!" Andipatsa malo apatsogolo, ati ndiyambitse nyimbo. Ndayambitsa. Ndinakweza kwambiri, tonse tathera m'mwamba ngati ankhandwe.

Ndiye mayi wina wandifunsa m'Chisena kuti malemuwa ndi ndani wanga, poti ndayenda mtunda wonsewu wapansi. Ndikanati chiyani? Kuti ndatsata galu? Ndati, "Chibale chapatali, cha kuchimuna." Basi! Uthenga wayenda nyumba yonse. Malemu analibe abale ambiri mbali ino, ndiye akondwa kuti wapezeka mmodzi. Wachibale sachoka mpaka zonse zithe. Wachibale satunganso madzi, amakhala m'nyumba. M'nyumba, pamene galu ali panja!

Ndamuona kawiri pazenera. Kachiwiriko tayang'anizana maso. Wandizindikira bwinobwino, n'kutembenuka kukagona pansi pa mtengo wa nimu pamene akhala a Alufandika.

Ndatumiza uthenga kuti Esinati adyetse mbuzi, agone kwa azakhali ake. Ndiye kuti a Chanaze adziwa.

Kwatsala masiku atatu.

Lachisanu

Taika maliro. Ndayenda kutsogolo ndi abale, kumbuyo kwa bokosi. Andipatsa nkhata yamaluwa kuti ndiike "m'malo mwa onse a kuchimuna". Ndaiika. Ambuye mundikhululukire.

Kapitawo sanapite kumanda. Watsala ndi mapoto, amadziwa ntchito yake.

Foni yalira kanayi m'chitenje. Bambo a Esinati. Ndayankha kuseri kwa bafa. "Chanaze akuti galu kulibe, inunso kulibe. Akuti anthu akufunsa kuti maliro a anthu osawadziwa mukuwamva bwanji fungo." Ndati maliro n'kulirana. "Nanga galu wanga?" Ndati netiweki ikuvuta, ndazimitsa.

Mawu awo sanali aukali. Anali ozizira, ndipo zimenezo ndiye zandiopsa.

Madzulo ndinatsala pang'ono. Ndamupeza yekha akunyambita chivindikiro, chingwe ndamasula kale, ndikuyandikira chonyang'ama, ndikumuitana mokoma momwe sindinamuitanepo chibadwire chake. Watsala mikono iwiri. Pomwepo mawu kumbuyo: "Achibale onse m'nyumba, tikambirane za mawa!"

Za mawa zake ndi kumeta.

Loweruka

Andimeta.

Mizere yanga yonse ili pansi, pamodzi ndi imvi za anthu osawadziwa. Ndinayesa kunena kuti mpingo wathu sulola. Azakhali a malemu ati, "Mwana wathu walira chotere, tingamusiye ndi tsitsi la maliro?" Lezala lake lobuntha. Mutu uli mbee ngati dzungu.

Anthu ayamba kubalalika. Ana a madalawa awiri akuthamangira basi, wina ku Beira, wina ku Blantyre, ntchito siidikira. Mapoto akwezedwa pa ngolo. Ndaima panjira ndi chingwe m'manja, poyera tsopano, manyazi anathera pa lezala. Ndati akangodzuka kutsata ngolo, ndimugwira.

Ngolo yanyamuka. Kapitawo wadzutsa mutu, wayang'ana mapoto akupita, wagonanso.

Wagona pamapazi pa a Alufandika. Pabwalo patsala iwo okha, mipando yobwereka yapita, phulusa lokhalokha. Mayi woyandikana nawo nyumba wandinong'oneza kuti chimwalirire akazi awo akhala akukana chakudya, aliyense walephera. Koma dzulo galuyu anakhala patsogolo pawo n'kumawayang'anitsitsa mpaka anatema mbamu n'kumuponyera. Kenako anatema ina n'kudya okha. Ndaziona ndi maso anga lero. Ina ya galu, ina yawo, mpaka mbale yatha.

Ndayandikira kuti nditsanzike. Aona chingwe. Aona galu. Andifunsa m'Chisena, motsitsa mawu, "Mwananga, mwanambwa uyu mwini wake mukumudziwa?"

Galu wakuba. Wondinyozetsa pamidzi iwiri. Wondimetetsa. Ndimangofunika kunena liwu limodzi.

Ndati, "Nkhabe, baba. Sindikumudziwa."

Ati, "Takhuta." Sindikudziwa ngati amathokoza kubwera kwanga kapena chinacho.

Ndayenda njira yonse ndikudzitukwana.

Lamulungu

Bambo a Esinati atsika minibasi cha m'ma teni, a Chanaze akuwadikira kale pasiteji. Pofika pakhomo nkhani yonse anali atamva, ndi mankhwala a makoswe omwe.

Sanalowe m'nyumba. Aima pabwalo, aimba likhweru kawiri. Kwabwera mbuzi.

Ndavula duku. Ndawauza zonse, kuyambira chikuni mpaka lezala, ndi bodza la pafoni lomwe. A Chanaze ati, "Achimwene, nkhani yotereyi ngakhale mwana angaikane." Bambowo sanaseke, sanakalipe. Atenga chingwe, akwera njinga, apita.

Maola anayi. Ndasesa pabwalo katatu. Ndaphika, zazizira, ndatenthetsanso. Akabwera naye, madala aja adya ndi ndani? Akapeza kuti galu wachokako, ine ndilowera kuti?

Abwera dzuwa litapendeka, okha, chingwe chili pakeriyala.

Akhala pakhonde. Kenako ati, "Ndamuimbira likhweru. Wabwera, wandinyambita manja, wabwerera kukagona pamapazi pa madala aja." Apukuta kumaso. "Andifunsa ngati ndikumudziwa mwini wake. Zandikanika ngati inu."

A Chanaze anyamuka osatsanzika.

Ndawaikira chakudya. Adya. Atamaliza kutafuna fupa aliponya pambali pa mpando osayang'ana, monga amachitira zaka zonsezi. Lakhala pomwepo. Tonse awiri taliyang'ana mpaka nkhuku yabwera kudzalijompha.

Polowa m'nyumba andigwira pamutu, pampalapa, ati, "Madala aja akuti mwezi wamawa kuli mwambo wokumbukira malemu. Akuti inu musalephere, ndinu achibale."

Tipita tonse. Ndiwambiratu mlamba, awiri.