Kalata Yodzawerengedwa pa Maliro Anga

Lolemba, pa 9 Juni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Kandeu, mvula itangokata. Ndikuchokera kuchigayo, ufa uli pamutu, ndinamva thu-thu-thu kumbuyo kwanga. Njinga yamoto yofiira. Woyendetsa wake mkazi! Velo la usisitere likuuluka, matope mpaka m'mawondo, akuimba nyimbo ya Amayi Maria mokweza kuposa injini. Ndinatula ufa pansi n'kuithamangira mpaka kumtsinje. Pobwerera ndinapeza nkhuku zili pa phwando. Amayi anandikwapula, koma ine ndinali nditatsimikiza kale: ndidzakhala sisitere.

Basi. Maitanidwe anga ndi amenewo. Sindinauzepo munthu.

Lero ndili ndi digiri, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ya atsikana ya masisitere athu kuno kumapiri a Biriwiri, ndipo ndatha zaka zisanu ndi zinayi pa malumbiro a kanthawi. Lamulo silola kupitirira pamenepa. Lamulungu likudzali Amayi Aakulu a chipani chathu abwera kudzatenga kalata yanga yopempha malumbiro a moyo wonse. Ikapanda kupezeka, mu Ogasiti ndivula velo, ndibwerera ku Kandeu.

Mwambo wathu pa kalatayi:
– kulemba pamanja, osafufuta ngakhale chilembo chimodzi;
– papepala la chipani, lija la kamtanda kabuluu pamwamba (anditumizira asanu ndi limodzi);
– kunena chimene chinakubweretsa;
– amaisunga m'kabati, ndipo ukamwalira amaiwerenga pa maliro ako.

Pamaso pa anthu onse! Ambuye Bishopu ali pompo, wina n'kuimirira: "Malemuwa anatsatira mthuthuthu."

Ayi. Ndipeza chifukwa china chooneka bwino. Kusukulu andipatsa sabata yonse yolingalira. Dongosolo: lero mawu oyamba, mawa ndi mkuja thunthu lake, Lachinayi mathero, Lachisanu kukopera mwaukhondo, Loweruka kupemphera mtima uli m'malo.

Pepala loyamba: "Kuyambira ndili wamng'ono ndinkamva mawu mumtima mwanga." Ndikuwerenganso. Mawu ake ati? Bodza pa mzere woyamba penipeni. Ndadula mzerewo, pepala lafa.

Atsala asanu. Ndi ambiri.

Lachiwiri, pa 10 Juni

Ukakhala pa sabata yolingalira, nyumba yonse imaona munthu wopanda chochita.

Sisitere Felista, namwino wa pachipatala chathu, tikumwa tiyi: "Poti muli pa holide, mutithandizeko kusikelo ya ana. Ka ola kamodzi kokha."

Maola asanu ndi limodzi! Ana kulira, amayi kuseka, kamwana kena kundinyowetsa diresi kakundiyang'ana m'maso. Ndatenga mapepala awiri kuti ndizilemba mpata ukapezeka. Nzeru za kuyunivesite zimenezo.

Timatumba toikamo mapiritsi tatha. Ndikutembenuka, Sisitere Felista aduladula kale pepala langa, akukulungiramo panado. Ndikufuna kukuwa. Ndikuti, "Palibe kanthu, Sisitere."

Mayi wina walandira kachidutswa kokhala ndi kamtanda. Akuonetsa anzake: "Anga ndi odalitsa kale awa." Mzere wonse ukufuna a mtanda. Mayi wachikulire wovala nsalu za zipani zitatu za ndale, ina m'chiuno, ina paphewa, ina kumutu, wakhala pansi pakhomo: "Ine ndimapemphera kwina, koma mtandawo ndi wa tonse. Sindichoka." Pepala lachiwirilo ndapereka ndi manja anga.

Koma kamwana kondinyowetsa kaja kanabwera mu Febuluwale kali mafupa okhaokha, lero kakwera sikelo. Sisitere Felista avina pakhonde, singano ili m'manja. Ine kuomba m'manja, mpaka kuiwala kuti ndakwiya.

Atsala atatu. Mawu oyamba: sanabadwe.

Lachitatu, pa 11 Juni

Lero ndalemba! Itangotha Misa ndadzikhomera m'chipinda mpaka teni koloko. Pepala lonse, kuno ndi kuseri. 1.0 Mawu Oyamba. 1.1 Tanthauzo la Maitanidwe. 1.2 Maitanidwe m'Chipangano Chakale. Mpaka 2.3! Mulibe bodza ngakhale limodzi, chifukwa inenso mulibemo.

Ndikupita nalo kudimba kwa Sisitere Geretuda. Zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, ndodo, mabuti a mphira. Iwowa ndi aja a njinga yofiira, koma sadziwa kuti ndinawathamangira. Masiku ano amalima mbatata ya kachewere ndi kabichi pamodzi ndi gulu la amayi amasiye. Ine amanditchula a Pulofesa.

Akhala pa thumba, ndikuwawerengera. Pofika pa 1.2 atseka maso. Ndikuganiza kuti mawu anga awalowetsa m'pemphero. Ndikumva mkonono.

Atadzidzimuka: "Zokoma zedi, a Pulofesa. Ntchitoyi mukufunsira ku boma?" Kenaka, akuyasamula: "Pa maliro anu mukufuna anthu adzalire kapena adzagone?"

Ndatola khasu. Ndakumba kachewere mokwiya mpaka dzuwa kupendeka. Mizere isanu ndekha! Amayi aja kundiimbira nthungululu, ati digiri imagwiranso khasu. M'manja matuza okhaokha, cholembera sichikugwirika.

Pepala lija mayi wina wakulungiramo mbewu ya mpiru. Kuyambira 1.0 mpaka 2.3 zapita kumudzi. Mwina kumeneko zikamera.

Atsala awiri.

Lachinayi, pa 12 Juni

Tsiku loyendera odwala m'midzi. Ndikuti lero sindipita. Ndapita.

Nyumba yomaliza ndi ya a Ngozo, kuseri kwa phiri, pafupi ndi malire. Anagwirapo ntchito m'migodi, chifuwa chinatsalira komweko. Agona pamphasa, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Sisitere Felista akuwapima, ine ndanyamula chikwama, ntchito yoyenera maphunziro anga.

Ali ndi mwana wamkazi, Esinati. Anamuthamangitsa atatenga mimba ali pasukulu. Amagulitsa tomato pa Nsipe. Si kutali, koma papita zaka khumi osalankhulana.

A Ngozo akundiyang'ana: "Asisitere a magalasi, mumatha kulemba?"

Funso labwino. Sabata ino sindikudziwa.

M'nyumba mulibe pepala. M'buku langa la mapemphero muli awiri. Ndatulutsa limodzi.

"Lembani kuti: Esinati, ndinalakwa ndine. Bwera ndisanapite. Ubwere naye mwanayo ndidzamuone."

Ndikudikira, cholembera chili m'mwamba. "Basi?"

"Nanga ndionjezere chiyani? Ndi zomwezo."

Mizere itatu! Yopanda 1.1, yopanda chofufuta. Ine masiku anayi. Kalatayo tapatsira mayi wina wopita ndi kabichi ku Nsipe mawa. Pobwerera m'galimoto sindinalankhule. Sisitere Felista akuganiza kuti ndikulingalira. Ndikuchita nsanje ndi munthu wodwala.

Latsala limodzi.

Lachisanu, pa 13 Juni

Malinga ndi dongosolo, lero ndi tsiku lokopera mwaukhondo. Kukopera chiyani?

Kuzizira koopsa, nkhungu mpaka pazenera. Ndakwera pachulu cha kuseri kwa khola la nkhumba, pokhapo pamene foni imagwira. Ndikuimbira amayi. Mwina iwo anaonapo kanthu kamene ine ndinaiwala.

"Amayi, ndili mwana, panali chizindikiro chilichonse?"

"Chizindikiro cha chiyani, asisitere?"

"Choti ndidzakhala chonchi."

Kenaka: "Munkagona pa Misa. Munkanyambita shuga. Ndiye ufa uja munadyetsa nkhuku." Foni ikuduka, ikubwereranso. "Ngati mukubwerera kuno nenani msanga, m'chipinda mwanu ndayanikamo anyezi."

Masana onse m'tchalitchi, pepala lili pamwendo. Ndikufunsa Mulungu. Chete. Pakhoma buluzi, nayenso akundiyang'ana ngati akudikira yankho.

Zimene ndikudziwa:
– sindikufuna kubwerera;
– sindikufuna kunama;
– anyeziwo asawasunthe.

Zimene ndikuopa: mwina tsiku lija Mulungu ankaitana mwana wina amene anali kumbuyo kwanga, ine ndinangothamanga kwambiri.

Pepala likadali loyera. Labwerera m'buku.

Loweruka, pa 14 Juni

M'mawa uthenga wafika: a Ngozo afooka, akupempha Ukaristia, ndipo akuti awabweretsere Sisitere Geretuda, amene anawaphunzitsa katekisimu, osati wina. Bambo mfumu ali kumatchalitchi a kumidzi mpaka mawa. Galimoto yapita ku boma ndi Sisitere Felista ndi mayi woyembekezera. Sisitere Geretuda aima pabwalo, kachikwama ka Ukaristia m'khosi, akuyang'ana phiri. Miyendo yawo siingafike ngakhale pamlatho.

M'shedi muli njinga yamoto ya akatekisiti, eni ake anapita ku ukwati.

Sisitere Geretuda akufunsa: "Amatha kuyendetsa ndani?"

Masisitere onse maso pansi. Ine laisensi ndili nayo. Ndinaphunzira mobisa ndili kuyunivesite, ndipo chilowereni m'chipani sindinakhudzepo njinga, kuopa kuti anthu angaone nkhope yanga ndili pamenepo. Dzanja langa lakwera lokha.

Mu thanki mulibe kanthu. Petulo alipo pang'ono m'chigubu, wosati n'kutayako dontho. Fanelo yothirira palibe. Tasaka kukhitchini, tasaka kuchipatala. Sisitere Geretuda akuyang'ana buku langa la mapemphero. Ine ndikuyang'ana kumwamba. Iwo akuyang'anabe bukulo.

Pepala lomaliza ndalipinda ndekha ngati kanyanga. Petulo wadutsa pakati penipeni pa kamtanda kabuluu. Osatayika ngakhale dontho!

Kuponda koyamba, chete. Kachiwiri, kutsokomola. Kachitatu: thu-thu-thu!

Ambuye! Msewu wofiira, minda ya kabichi uku ndi uku, mphepo kulowa m'manja a diresi, velo langa kuuluka. Sisitere Geretuda andigwira m'chiuno, ayamba nyimbo ija, yomwe ija! Pachitunda akukuwira m'khutu langa: "Giya yachiwiri, a Pulofesa! Mukuyenda ngati mwanyamula mazira!" Ndaonjezera moto. Ndikuimba nawo. Ine amene kwaya inandipempha kuti ndizingotsegula pakamwa!

Pa mjigo kamtsikana kena katula ndowa, kakutithamangira. Ndikungopemphera kuti si ufa.

Tafika nthawi ikadalipo. Pakhonde pakhala mayi, pambali pake mwana wofanana mphuno ndi a Ngozo. Pa mfundo ya chitenje chake pakutuluka kangodya ka pepala. Kamtanda kabuluu. Wabwera dzulo madzulo. A Ngozo alandira Ukaristia, dzanja lawo lili m'dzanja la Esinati. Ine ndagwira kandulo, magalasi achita nkhungu.

Pobwerera taima pamtsinje kuti injini izizire. Ndaulula zonse: ufa, nkhuku, njinga yofiira. Ndikudikira kuti andiuze mwaulemu kuti ndikalongedze.

Aseka mpaka kutsokomola. "Ndiye nkhaniyi ndi imene yatha mapepala onsewa? Ine ndinatsatira nsapato. Kwathu kunalibe wovala nsapato, ndinaona sisitere atavala zakuda za zingwe. Ndinalowa, anandipatsa. Zinang'ambika chaka chomwecho. Ine ndikadalipo."

"Nanga m'kalata yanu munalemba chiyani?"

"Mudzamva pa maliro anga. Musadzaseke kwambiri, Bishopu adzakhalapo."

Mapepala otsala: palibe. Ndikumwetulirabe, masaya akupweteka.

Lamulungu, pa 15 Juni

Amayi Aakulu afika itangotha Misa. Ali pabalaza, akumwa tiyi. Afunsa kale kawiri.

Kalata palibe. Mapepala a chipani ali motere: lina linafa ndi bodza, awiri ali m'midzi ndi mapiritsi, lina lasunga mpiru, lina lili pa chitenje cha Esinati, lomaliza likuuma padzuwa kuseri kwa shedi, ndipo palibe amene akuloledwa kuyatsa machesi pafupi.

Dongosolo langa lagwa lonse. Ndavomera. Kalata yokongola sindidzalemba, kaya andipatse mapepala makumi awiri.

Ndang'amba masamba awa m'kope langa. Ndi a mizere, alibe kamtanda, zofufuta zili paliponse, tsamba la dzulo likununkha petulo. Pa malamulo aja ndasungapo awiri: dzanja ndi langa, ndipo chimene chinandibweretsa chalembedwa. Akawakana, anyezi asunthidwa. Koma sindinanamemo.

Amayi Aakulu, ndikupempha malumbiro a moyo wonse. Ndinabwera chifukwa cha njinga. Sabata ino ndaona kumene imapita, ndipo ndikufuna kupita komweko mpaka ndidzakalambe ngati Sisitere Geretuda. Ndi zomwezo.

Inu amene mudzawerenge izi pa maliro anga, pepani, zatalika. Za diresi la Lachiwiri mukhoza kudumpha. Za Loweruka mudzawerenge mokweza.

Sisitere Geretuda akugogoda ndi ndodo: "Tulukani, a Pulofesa, musanayambe 1.1. Tiyi wa Amayi wazizira."

Ndikupinda kawiri, kuti petulo akhale mkati.

Nawa, Amayi.