Tsiku Limene Ndinatsitsa Amalume pa Kamiyawu

Anzanga, ngati munamva za mtsikana wa ku Domwe amene ananunkha kabichi woola masiku atatu, musafufuze patali, ndine ndemwe, Telezinya. Ndipo zonsezi zinayamba ndi matematika, tangoganizani!

Apulofesora athu ankatiphunzitsa esitatistika, masamu a ziwerengero, ndiye poona kuti tikusinza anatulutsa telefoni n'kutionetsa mpira wa ku Amereka, uja wosongoka ngati papaya, wogwira ndi manja. Akuti kumeneko kuli woponya mmodzi, dzina lake kwotabeki, ndi anzake othamangira kukawakha, marisiva, ndipo kulibe zoti uyu ndi katswiri poti ndimamukonda ayi, amawerenga! Waponya kangati, wafika kangati m'manja mwa mnzake, adani alanda kangati. Wowakhanso chimodzimodzi, wagwira kangati, wagwetsa kangati. Ine tulo tonse balala! Paja ndinakulira kwa agogo, amene sangakupatse ngakhale mchere asanakuponyere chilape, ndiye apa ndinaona chilape chachikulu: mpira ukagwa, walakwa ndani, woponya kapena wowakha? Ndipo yankho lili m'manambala! Njira yonse yobwerera kwathu ndinkadziona ndili ku Amereka nditavala magalasi, zimphona zikudikira kuti ndinene woti alowe m'bwalo.

Apulofesora anatiuza kuti aliyense akawerenge chinthu chenicheni kwawo. Loweruka kamiyawu, ndiye kuti lole, ya wogula wa ku Tete inabwera kudimba kwathu kudzatenga kabichi, ndipo mukudziwa mmene timakwezera, wina pansi kuponya, ena pamwamba kuwakha n'kumasanja. Ndinangoti ee, si mpira uja uwu? Ababa pansi, kwotabeki. Pamwamba marisiva awiri, a Lusiyano oyandikana nafe, ndi amalume a Bonifasiyo amene anayamba kuwakha kabichi ine ndisanabadwe. Mbuzi ya agogo itathawa ndi mutu umodzi, ndinalemba kuti adani alanda.

Ndinakhala pachulu ndi kaderno yanga, kope lolembamo. A Lusiyano ankangowakha n'kusanja, osaphonya. Koma amalume, mayo ine! Mitu inayi agwira, wachisanu wangokhudza dzanja, phu pansi. Ndinawerenga mpaka tsamba kudzaza, ndikunyadira poti ndatulukira chimene mudzi wonse sunachione. Kodi munthu wanzeru sakanadikira kufika kunyumba? Ine ndinaimirira pachulu pomwepo, pamaso pa wogula, dalaivala ndi amayi onse odula kabichi.

"Ababa, imani kaye! Manambala akuti amalume akugwetsa mutu umodzi pa isanu iliyonse. Ku Amereka akanawakhazika panja kalekale!"

Amayi aja anagwira pakamwa. Amalume anandiyang'ana, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Ati chiyani adotolowa?"

"Si ine amalume, ndi manambala."

"Chabwino. Ine ndakhala panja. Kwerani inuyo ndi manambala anuwo."

Anatsikadi, n'kukakhala pansi pa mtengo wa pichesi miyendo tambalale, akuti sakweranso, si lero lokha koma mpaka kale. Wogula akuyang'ana dzuwa, kamiyawu ili theka. Ndinamanga kapulana m'chiuno n'kukwera, mumtima ndikuti lero adziwa.

Mutu woyamba unandimenya pachifuwa, koma ndinaukumbatira. Wachiwiri ndinagwira, wachitatu ndinagwira, n'kuyamba kufuula ndekha, "Zitatu pa zitatu! Zinayi pa zinayi!" Wachisanu unabwera wokongola kunja, wobiriwira bwino, koma nditangoufinya unangoti phwa! Madzi akuda, onunkha ngati khola la nkhumba nthawi ya mvula, kumaso, m'khosi, mpaka m'kamwa poti ndinali ndikufuula. Mukuganiza ndinautaya? Ndiwononge manambala anga? Ndinausanja bwinobwino pakati pa anzake. Unabwera wina wotero, ndinasanja. Winanso, ndinasanja, ntchentche zitayamba kale kundichitira msonkhano.

Wogula ananunkhiza ali pansi pomwepo, anakwera, n'kutulutsa mutu umodzi ukuchucha.

"Ndani akundiikira zoola m'katundu? Zikafika ku Tete ndi kutentha kuja ziwoletsa kamiyawu yonse! Tsitsani zonse, ndikagula kwina."

Apa ndiye manambala anandithawa m'mutu. Kabichi wa miyezi itatu, amene tinkathirira ndi makheni mpaka misana kuwawa, abwerere pansi chifukwa cha ine? Ababa anangoloza kumtengo wa pichesi ndi chibwano.

Ndinatsika, ndinayenda dimba lonse anthu akupatuka atatseka mphuno, n'kukagwada pamaso pa amalume.

"Pepani amalume, ndalakwa."

"Gwadira uko, mphepo ikuchokera kwa iwe."

Ndinasuntha.

"Mwana iwe, kabichi woola mkati samaoneka ndi maso, amamveka m'dzanja. Akangondikhudza ndimadziwa, ndiye ndimamukankhira pambali. Ndipo bambo akowa mitu yonse yokayikitsa amaponyera ine, a Lusiyano amawapatsa yabwino yokhayokha. Zimenezo unalemba?"

Sindinalembe. Ndinacheukira kwa ababa, poti tsopano ndinazindikira kuti ngakhale ine nditakwera sanasinthe kaponyedwe. Iwo maso ali kumwamba, ati akuona ngati kubwere mvula.

Amalume anakwera, anafukula zoola zanga zonse chimodzichimodzi osayang'ana n'komwe, wogula anakhutira, kamiyawu inadzaza n'kunyamuka. Ndimati zatha. Pomwepo agogo, amene nthawi yonseyi ankasadzula masamba a mbuzi yawo, anakweza mawu.

"Chilape!"

Dimba lonse: "Nachize!"

"Kanthu kanga sikagwetsa kalikonse, koma ntchentche zikukaperekeza."

Palibe chilape chimene chinayankhidwa msanga chotero chiyambire. Ngakhale a Lusiyano, munthu wosalankhulalankhula, anakuwa nawo: "Telezinya!"

Lolemba ndinapereka ntchito yanga nditawonjezera mzere watsopano wa zogwetsa dala, ndipo apulofesora anandipatsa nota yabwino, malikisi apamwamba ndithu, kungoti kadernoyo anaiwerenga ataigwira ndi zala ziwiri pawindo. Esitatistika ndikuikondabe koopsa. Koma ndalumbira, kuyambira lero ndiziwerengera a ku Amereka okhaokha, poti iwo ali kutali, sangandiuze kuti kwera.