Masamba a Mandimu m'Dengu la Tiyi

Lolemba, 9 Juni

Ndafika kwathu. Amayi akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuti ku koleji sitidya. Kenako maso ali pa bokosi langa la ayezi, akuyesa muli nsomba. Mulibe nsomba. Muli timatumba tapulasitiki toyera tosakhudzidwapo ndi dzanja, magolovesi, sizasi ndi botolo la sipiriti.

Ntchito yanga sabata ino ndi yophweka. M'kati mwa tsamba la ndimu, lalanje kapena nachesi mumakhala mabakiteriya amitundumitundu, osaoneka ndi maso. Ku labu timasinja tsambalo, kutulutsamo DNA, makina n'kuiwerenga, n'kutiuza mitundu yonse imene ikukhala mumtengowo. Malamulo ake:

mtengo uliwonse kathumba kakekake, kolembedwa dzina
masamba okhwima, osati nsonga
dzanja lopanda golovesi lisakhudze
kuzizira nthawi zonse

Loweruka masana masambawa akhale ali m'manja mwa aphunzitsi anga, a Dokotala, chifukwa tsiku lomwelo katundu wa kalasi yathu yonse anyamuka kupita kunja kumene kuli makinawo. Ndikaphonya, ulendo wina ndi wa chaka chamawa, ndipo anzanga avala gauni ine ndikuombera m'manja.

Amayi athyola tiyi pa esiteti pano kuyambira ine ndisanabadwe. Ndawaonetsa kathumba kamodzi. Akuti, "Ulendo wonsewu, kudzera tomweti?"

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinaiwala kuti kwathu sulowa pakhomo pa munthu n'kulunjika kumtengo. Uyambe wakhala pampando. Akupatse moni mmodzimmodzi mpaka agogo a m'nyumba aitanidwe. Akufunse za mumzinda, ngati ukadali wopemphera, ndiponso ngati kuli mnyamata. Ndiye ibwere tiyi ndi mbatata. Ndamwa tiyi mpaka ndikumva m'mimba kuti khuvukhuvu poyenda.

A Makwinja, amene anali kapitawo wa amayi asanapume ntchito, andiperekeza okha kumtengo wawo wa malalanje. Aima manja kumbuyo kuonerera ndikuvala magolovesi, kupukuta sizasi ndi sipiriti, kudula tsamba limodzi, kupukutanso. Akuti, "Mwanawe, ukanakhala m'gulu langa, pofika pa sikelo yoyezera tiyi bwenzi ndikulira nawe."

Zokolola za lero: mitengo itatu. Mapeyala opatsidwa: thumba lodzaza, lolemera kuposa kafukufuku yense.

Lachitatu, 11 Juni

Pakamwa panga pandipachika. Dzulo ndinauza anthu kuti ndikufufuza tizilombo ta m'mitengo. Kuno mawu amenewo si achilendo. Anthu sanaiwale mmene nthochi zawo zinazulidwira chifukwa cha matenda a chisaka, ndipo ozulawo nawonso anayamba ndi kungoyang'ana masamba.

Lero palibe mpando, palibe tiyi. Amake Joyisi, mnzawo wa amayi wa ponda apa m'pondepo, ndawapeza atayanika zovala kuzungulira mtengo wa mandimu ngati kuti sindiuona. Akuti, "Wathuwu ndi wabwinobwino, sunadwalepo. Kayeseni kwa a Makwinja, wawo uja ndiye umaoneka wotumbuluka."

Ndayesa kufotokoza kuti si mabakiteriya onse oipa, ena amathandiza mtengo kukula, amangokhala m'menemo ngati achibale a pakhomo. Akuti achibale otero ndi amene amamaliza ufa.

Mitengo ya lero: palibe. Ndapsa mtima, komanso ndikuchita mantha. Amayi akuti, "Ndisiyire ine. Iwe Chichewa chako chinapita kusukulu."

Lachinayi, 12 Juni

Amayi anyamuka m'mawa kuyenda khomo ndi khomo. Sindikudziwa zimene anena, mwina zina anena m'Chilomwe, koma pofika masana mudzi wonse ukundiitana. Ayi ndithu, amayi anga ndi boma paokha.

Chiperoni chatsika ndi nkhungu yake yozizira, zala zachita kuuma, koma ntchito yayenda. Timatumba tachuluka m'bokosi, kalikonse ndi dzina lake. Mtima wakhala pansi koyamba.

Vuto ndi oonerera. Mwezi uno tiyi ndi wochepa m'munda, amayi ambiri akungokhala, manja akuwayabwa. Akunditsatira mtengo ndi mtengo, akuyang'anitsitsa sizasi yanga ngati akuona munthu akudya phala ndi singano. Amake Joyisi afika pogwira kukamwa. Amayi akuti, "Tikuthandize, mutu umodzi susenza denga."

Ndayankha kuti, "Ayi amayi, zikomo, musavutike." Ndayankha mofatsa, ndikumwetulira, monga ndinaleredwera.

Ayezi wasungunuka, ndipo kugolosale magetsi kulibe. Mawa ndilawirira ku Bvumbwe kukagula wina. Ndikabwerako ndimalize mitengo yotsala. Zitheka basi.

Lachisanu, 13 Juni

Mayo ine.

Kwathu kuno "ayi zikomo, musavutike" ndi mawu amene mlendo amanena akusamba kale m'manja. Ndinabadwira konkuno, ndimayenera kudziwa.

Ndabwera ndi ayezi wanga, ndapeza amayi asanu ndi mmodzi atakhala pakhonde, nkhope zili ngwee. Pakati pawo pali dengu la tiyi lodzaza mpaka pakamwa, lotsenderedwa bwino. Athyola mitengo yonse ya m'mudzi, mpaka ya kutsidya kwa mtsinje imene sindinaiganizeko. Athyola mwaukatswiri monga amathyolera tiyi, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, palibe lokhwima n'limodzi lomwe. Mandimu, malalanje, manachesi, zonse m'dengu limodzi, ndi manja amene m'mawa womwewo agwira nkhuni, mbuzi ndi ana.

Ndinati chabwino, bola anga a m'bokosi alipo. Ndatsegula bokosi, muli mbee. Amayi akuti timasamba tanga tija tinkachititsa manyazi, ndiye atikhuthulira m'dengu momwemo kuti katundu aoneke. Timatumbato atichapa ndi sopo, tonse, ndi tatsopano tomwe. Tili pachingwe, tikuuluzika pafupi ndi masiketi. Mayina onse achoka, akuti inkiyo inavuta koma anailimbikira.

Amake Joyisi akuti, "Akakayeza pa sikelo kumeneko akadziwe kuti ku Thyolo kuli azimayi."

Onse akundiyang'ana. Zala za amayi zalasidwa ndi minga ya mandimu, tiyi alibe minga. Ndagwada, ndathokoza mmodzimmodzi. Kenako ndapita kuseri kwa bafa kukalira bwinobwino.

Loweruka, 14 Juni

Ndimati ndizemba ndekha. Ndani? Gulu lonse landiperekeza mpaka kumsewu, dengu lili pamsana pa amayi, akukana kuti wina awalandire. A Makwinja atulukira, apisa dzanja m'dengu, afinya masamba, anunkhiza. Akuti, "Awa ndiye masamba." Che Rajabu a minibasi amangirira dengulo kumbuyo, akuti galimoto yawo sinanunkhirepo bwino chonchi.

Ndatsikira pa Bvumbwe n'kuimbira a Dokotala. Ndafotokoza zonse. Ndikumva akuyesetsa kuti asaseke, zawakanika. Akuti makina akhoza kuwerenga ndithu, koma adzatiuza za m'manja mwa amayi a ku Thyolo, osati za m'mitengo. Timatumba tina ku labu kulibe mpaka katundu watsopano adzabwere. Mawu awo omaliza: "Pepa mwanawe. Chaka chamawa."

Ndakhala pamwala pafupi ndi ogulitsa kabichi, dengu pambali, anthu akumandifunsa ngati ndi ndiwo. Masambawo ndakhuthula kudzala la msika. Dengu ndi la amayi, liyenera kubwerera. Ndazungulirazungulira mpaka dzuwa kupendeka kuti zioneke ngati ndafika mumzinda.

Amayi aona dengu lopanda kanthu. Akuti, "Alandira onse?" Ndati onse atsala komweko.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi amayi ayimba mokweza kuposa kwaya. Ine ndangoyang'ana pansi. Anzanga atumiza chithunzi pa foni, mabokosi awo ali m'galimoto, onse akumwetulira. Zikundiwawa, sindinama.

Masana tikusenda mapeyala aja, ndalimba mtima. Sindinanene za dzala. Ndangoti masamba aja sakwanira pa zimene makina amafuna, ndiye sukulu yanga yatalika ndi chaka china, ndipo ndidzabweranso kudzathyola ena.

Amayi asiya mpeni. Ndimayembekeza kuti adandaula za gauni, paja nsalu yovala tsikulo anasankha kale mumtima. Koma akungondiyang'ana.

"Ndiye kuti udzabweranso? Sabata yathunthu ngati ino?"

Ndati inde, mwina masabata awiri.

Atola mpeni uja, akusenda, akumwetulira okhaokha. Kenako akuti ndisadere nkhawa, ulendo uno anali ochepa chifukwa ndinawadzidzimutsa. Chaka chamawa adzauziratu amayi a kumalayini onse, kunyumba za antchito a esiteti, madengu adzakhala anayi.

Ndati zikomo amayi. "Musavutike" sindinanene.