Chibakera, Chiweto cha a Goliati

Anthu ena akaweta chilombo amabisa. A Goliati a ku Nsaru ankalengeza chawo pamsika dzuwa likuswa mtengo, ndipo ankachitchula ndi dzina lomwe: Chibakera.

Dzina la mwini wakeyo lisakunyengeni. A Goliati anali kamunthu kouma ngati tsamba la fodya loiwalika m'chigafa. Mphamvu zawo zonse zinathawira kukamwa. Anakanganapo ndi makondakitala, akatekisiti, mbuzi za eni, ngakhale sikelo ya venda wa mtedza. Koma mdani wawo weniweni anali a Anesi, mayi wamasiye wa dimba loyandikana ndi lawo. Ankalimbirana chitsime cha kudambo, chomwe a Goliati ankati anakumba okha, pomwe mudzi wonse unkakumbukira kuti tsiku lokumbalo iwo anangoima pachulu n'kumalozaloza.

Chilombocho chinabwera ndi Yamikani, mwana wa mlongo wawo, amene anabwerako ku Joni ndi jekete, nsapato zosongoka ndi foni. Sanabwere kudzakhala. Bwana wina kumeneko anatenga nambala yake, nalonjeza kuti adzamuimbira ntchito ikapezeka. Tsono Yamikani ankadikira, akunyansidwa ndi fumbi, netiweki yosowa, ndi anthu ofunsa mwadzuka bwanji ngati sakuona kuti wadzuka. Podikirapo ankasewera gemu yogwira tizilombo ta katuni n'kumatimenyanitsa.

"Iwe, kodi ukukanda chiyani pagalasipo?"

"Ndi gemu, amalume. Simungamvetse."

Kuwauza a Goliati kuti sangamvetse kunali kuputa mavu. Anamulanda foni ija. Pagalasi panali kanthu kobiriwira, mutu wa mlamba, ndevu zofika m'chiuno, ndi mkono umodzi wonenepa ngati mtondo. Kankalavulira mdani madzi m'maso, akamapukuta n'kumuswa.

"Kayamba kam'tseka maso, kenako kam'menya, eti?"

"Eya."

"Aka n'kakwathu aka."

Dzina lake lachizungu linawakola lilime, choncho anakatcha Chibakera. Kuyambira pomwepo foni inali ya Yamikani padzina pokha. A Goliati ankadzuka n'kuyamba kudyetsa Chibakera zipatso za pagalasi asanakaone n'komwe nazale ya fodya. Tsiku lomwe chinapambana nkhondo zokwanira n'kukula, n'kumera mkono wachiwiri, iwo anapha nkhuku.

M'mawa mwake anapeza a Anesi pachitsime.

"Tungani, a Anesi, tungani. Kungoti mudziwe kuti ine ndaweta chilombo cha m'madzi. Dzulo chamera mkono."

"Mwaweta chiyani, bambo inu?"

"Chibakera. Chimayamba n'kulavula."

"Mfiti yopanda manyazi! Anzanu amaweta nkhunda!"

A Anesi anatukwana mpaka mawu kusasa, koma anachoka ndowa ili youma.

Yamikani anawathamangira. "Mayi, ndi katuni chabe. Kali m'foni, ndinabwera nako ndine."

"Oho! Ndiye unachita kukachitenga ku Joni? Timadabwa ife. Ana a anzathu amabwera ndi malata, iwe wabwera ndi chilombo."

Apa m'pamene Yamikani anadziwa kuti kufotokoza kumeneku n'kutunga madzi ndi dengu.

Zoipa zonse zinapeza mwini. Anyezi akaola, Chibakera. Mwana akatsegula m'mimba, Chibakera. Mbuzi ya a Bizwick, bambo wina wa m'mudzimo, itagwera m'chitsime muja, Yamikani anawachonderera amalume ake kuti akane poyera. A Goliati anapitadi, nayang'ana mbuzi yakufayo, nati, "Ndinanena ine." Amayi anayamba kuyenda mtunda kukatunga kumjigo wa kusukulu, akutemberera njira yonse. Chitsime chinatsalira a Goliati okha, n'kumathirira kabichi woti palibe ankagula. Anthu atasiya kuwapatsa moni, iwo anati tsopano mudzi waphunzira ulemu.

Chifuwa chinawatenga a Goliati nthawi yokumba mtedza. Mawu awo omaliza sanali a Mulungu kapena a munda. Anakoka Yamikani malaya nafunsa, "Wachidyetsa?"

Tsiku la maliro, adzukulu anafika kumanda ndi makasu awo n'kukhala pansi. Dzuwa linakwera, dothi osakhudzidwa. Amake Yamikani ankalira m'nyumba pafupi ndi bokosi la mlongo wawo, ndipo kutentha kunali kosati n'kusunga maliro tsiku lina.

"Manda tikumba," anatero a Bizwick, amene analinso mkulu wa adzukulu. "Koma chilombo chitsala ndi ndani?"

Yamikani anatulutsa foni. "Nachi chilombo chanucho! Onani!"

Chibakera chinagwedeza ndevu, n'kulavula madzi pagalasi. Amuna athunthu anabwerera m'mbuyo, wina n'kuponda khasu.

"Chabwino, ndichifufuta pompano, inu mukuona."

"Ukachifufuta chipita kuti?" anafunsa a Anesi.

"Sichipita kulikonse. Chimangotha."

"Tamumvani wa ku Joniyu! Chinthu cha m'madzi uchitulutse m'nyumba mwake, chisowe kolowera? Chitsime chili apochi!"

"Chiweto chimatsata mwini," anatero a Bizwick. "Chilowe m'bokosi."

"Ndiye nditulutseko kakhadi ka nambala yanga kokha. Ndikudikira foni ya ntchito."

"Kakhadi ka m'katiko? Mtima wakewo? Usatiyese ana," anatero a Anesi.

Yamikani anawayang'ana onsewo mmodzimmodzi, ndipo akanakhala ndi mkono wa Chibakera bwenzi manda atafunika ambiri. Kenako anamva amake akulira dzina la mlongo wawo. Anapita m'nyumba, a Bizwick ali pambuyo ngati mboni, naika foni m'thumba la malaya a malemu. Makasu anayamba kulira nthawi yomweyo.

Netiweki yomwe inamuzunza chibwerereni inasankha kugwira kumanda. Bokosi litangotsika, kwaya ili pakati pa nyimbo, foni inalira pansipo. Nyimbo inaduka. Akatekisiti anadumpha mitumbira iwiri.

"Chadzuka! Kwirirani msanga!" anakuwa a Bizwick.

Yamikani yekha ndiye ankadziwa kuti Chibakera chikamva njala chimalira ngati chule. Uku sikunali kulira kwa chule. Munthu ankamuimbira foni, mwina bwana uja. Yamikani anaima chilili, manja m'matumba opanda kanthu, kumvetsera mpaka dothi linameza mawuwo.

Lero chitsime chija n'cha aliyense, ndipo madzi ake anthu akuti sakukomanso. Kale munthu ukatunga bwino osagwidwa, unkafika kunyumba ndi nkhani. Pano umangofika ndi madzi. Pamsika makondakitala amaitanira mopanda mchere, ngati akusowa wowayankha. Yamikani akadalipo. Ulendo wa ku Joni amaunena mwezi ndi mwezi, koma m'mawa mumamupeza kudambo, nsapato zosongoka zija zili matope okhaokha, akuthirira kabichi wa amalume ake n'kumakalipira mbuzi ndi mawu omwe anthu ayamba kuwazindikira.

Tsiku lina a Anesi anadzaza ndowa yawo koma osasenza. Anaima akuyang'ana kuchulu kuja, ngati munthu wodikira kutukwanidwa.

"Iwe mwana," anatero potsiriza, "kodi kumene aliko akuchidyetsa?"

"Amalume? Angagone ndi njala iwo, koma osati Chibakera."

"Mfiti yopanda manyazi," anatero a Anesi motsitsa mawu, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tandisenzetsa."