Tsiku Limene a Kaliati Anatseka Pakamwa

Kuno ku Nkhulambe kunalibe mawu amasiye pamene a Kaliati anali moyo. Liwu lililonse ankadziwa kumene linabadwira, amene analiyamba, ngakhale ndiwo zimene munthuyo anadyera tsiku limenelo. Ankasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi benchi yanga ya tomato, choncho ine ndinamva zambiri kuposa zimene makutu anga anapempha.

Ukangoti wabwera pa kabaza, basi wadziputira. Ankaika singano pansi n'kukuuza kuti ku Mkhumba kunali kamunthu kakafupi dzina lake Baza, kamene kananyamula apongozi ake pa njinga kupita nawo kuchipatala, pofika n'kutambasula dzanja. Zigege akuti zinayamba ndi mkulu wina wa ku Nazombe amene anazidya m'nyengo yozizira mano akuchita gegege. Mawa lake nkhani yomweyo inkasintha, Baza uja n'kukhala mzimayi wamtali wochokera ku Mozambiki. Tsiku lina ndinatopa nazo n'kuwafunsa kuti zoona ndi ziti.

"Mayi, mawu ali ngati munthu, ali ndi kwawo kuwiri," anatero osaphethira n'komwe. "Dzulo ndinakuuzani za kuchimuna. Lero ndi za kuchikazi."

Ife tinkaseka, koma panali mmodzi amene sankaseka. Violet, mwana wa mchemwali wawo, anakulira m'manja mwawo, ndipo aliyense womufuna ukwati ankayenera kudzera kwa iwo ngati mwini mbumba. Mnyamata woyamba anapereka moni kuti zonse zili bho. A Kaliati anamukhazika pa chitsa n'kumufotokozera mbiri ya bho mpaka nkhuku zinalowa m'khola, ndipo tinangomva kuti ali ku Joni. Wachiwiri anachenjezedwa, nabwera atakonzeka kumangoti zikomo. Sanadziwe, wosauka, kuti zikomo ndiye anali ndi mbiri yaitali kuposa mawu onse.

Atapezeka Eneya, mlimi wa nandolo wa ku Nazombe, mnyamata wofatsa ngati madzi a mumtsuko, Violet anaona kuti uyu akathawanso ndiye kuti akalambira pakhomo pa malume ake. Anawagwadira akulira, nawapempha tsiku limodzi lokha, tsiku lobwera ankhoswe a kuchimuna, kuti asafotokoze liwu lililonse. A Kaliati ankamukonda mwana ameneyu kuposa pakamwa pawo, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa. Analumbira.

Tsikulo ine ndinapita kukathandiza kuphika, koma kunena zoona ndinapita kukaona chozizwitsa. Anabwera a Makina, malume ake a Eneya, ndi anzawo awiri. Atangokhala pa mpando anapepesa kuti achedwa chifukwa kabaza inaphulika tayala. Ndinaona mlomo wa a Kaliati ukunjenjemera, thukuta lili kamukamu pa chipumi. Anangoti, "Tamva." A Makina anayala nkhani yawo mwaulemu wonse, yankho n'kukhala lomwelo. Anayesa za mvula, za mtengo wa nandolo, mpaka za malaya a pa kaunjika amene anavala. A Kaliati anatola chinangwa chophika n'kudzaza m'kamwa kuti mawu asapeze potulukira.

Chimene Violet sanaganizire n'chakuti mbiri ya malume ake inali itafika kale ku Nazombe. Alendowo anabwera atadyeratu, atauza akazi awo kuti asawadikire. Tsono kuona munthu amene amacheza ngakhale ndi mbuzi akuwayankha ngati akulipira liwu lililonse, anayang'anana. A Makina anatenga chipewa chawo.

"Ife si ana, bambo. Mukakana munthu mumangonena. Mwana wathu mwamupeza ndi chilema chanji kuti mutimane ngakhale nkhani ya Baza?"

A Kaliati anayang'ana kukhomo ngati mbuzi yomangidwa, koma lumbiro ndi lumbiro. Alendo anaimirira. Apo Violet, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anaiwala mwambo wonse, natulukira n'kugwada pakati pa bwalo.

"Malume, ndakumasulani. Auzeni."

"Za kuchimuna kapena za kuchikazi?"

"Zonse, malume."

Alendo aja anagona konkuno. Ukwati unachitika chaka chomwecho, ndipo a Makina mpaka lero amalumbira kuti Baza anali mbale wa agogo awo.

Chaka chatha a Kaliati anadwala matenda oziziritsa ziwalo, ndipo chinthu choyamba chimene anawalanda chinali lilime. Zinandiwawa kwambiri kuwaona ali pa mkeka, maso ali gwa pa ife, mawu atadzaza m'mutu koma khomo litatsekedwa. Violet ndiye ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Madzulo ankakhala pambali pawo n'kumatchula dala mawu atsopano amene wamva kumsika, kuyembekeza kuti mwina mlomo uja unjenjemeranso. Anapita mvula yoyamba isanagwe.

Masiku ano mawu amangofika pa msika ngati alendo opanda kwawo. Anyamata amawatola pa foni, amawatafuna mwezi umodzi n'kuwataya, popanda wofunsa kuti mwana ameneyu ndi wa yani. Ine ndimagulitsa tomato wanga mwamtendere umene ndinkaupempha zaka zonse zija, ndipo sindikuukonda ngakhale pang'ono.

Violet amadutsa Loweruka lililonse popita kuchigayo. Sabata yatha anaima pansi pa mango paja nthawi yaitali, thumba lili pamutu. Ndinamva akulankhula chapansipansi, osati kwa ine.

"Ndinangopempha tsiku limodzi, malume."