Loya wa Mulungu pa Kachulu

Pa Kachulu pali anthu amene mpaka lero sadziwa dzina langa lenileni. Ndikangotsika minibasi, amayi ogulitsa matemba amayamba kukodolana, wina n'kunena mokweza kuti loya wa Mulungu wafika. Chiyambi cha dzina limeneli ndakhala ndikuchibisa, ngakhale mkazi wanga ndinangomuuza theka lokha. Lero ndiulula zonse, chifukwa manyazi ukawasunga nthawi yaitali amayamba kununkha ngati mlamba wosauma bwino.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kwathu kwa Kuntumanji, koma mtima wanga unali pa ulaliki. Zaka zitatu ndinkapempha kuti mpingo undilandire ngati mlaliki, zaka zitatu abusa ankangoti tidikire kaye. Kenako mu Zomba munachitika semina ya masiku atatu, ya kuteteza chikhulupiriro. Ndinabwerako ndi satifiketi, notibuku yodzaza mpaka kuchikuto, ndi mutu wotupa. Tinaphunzira mmene ungayankhire atheist, munthu wonena kuti kulibe Mulungu. Tinaphunziranso mmene ungayankhire a zipembedzo zina. Funso lililonse linali ndi mayankho ake oikidwa manambala, ndipo onse ndinawaloweza.

Vuto linali limodzi: kwathu kulibe atheist. Ndinafunafuna ndithu. Amene sapita kutchalitchi amapita kumzikiti, ndipo amene sapita konse, ukamufunsa amati Mulungu ngwabwino, iye vuto lake ndi nsapato basi. Ndinayesa kuputa chidakwa china pa Songani, chinagwada pansi kuti ndichipempherere. Ndinapempha mkazi wanga kuti ayerekeze kukhala atheist kwa mphindi khumi zokha ndiyeserepo, iye anati zimenezo ndikachite ndi mbuzi. Ndinali ngati munthu amene wagula ambulera mu Ogasiti.

Tsiku lina abusa anandiitana n'kundiuza kuti mwayi wanga wafika. Ndikalalikire kumpingo wathu waung'ono wa pachilumba cha Chisi. Mkulu wa mpingo wa kumeneko, a Namakhwa, akandilandira, akandimvetsera, kenako alemba kalata. Kalatayo ikakhala yabwino, ndine mlaliki. Ikakhala yoipa, ndibwerere kuchoko, nkhani yatha. A Namakhwawo ndinali ndisanawaonepo. M'mutu mwanga ndinawajambula ali mu jekete, akundidikira kutsidya ndi kwaya kumbuyo kwawo.

Loweruka masana ndinafika pa Kachulu nditamanga tayi, dzuwa likuswa mtengo. Kudoko kunali anthu odikira kuwoloka, ena atakhalira matumba a ufa, ena atagona pa makatoni. Ndinapeza kamthunzi pafupi ndi bambo wina wachikulire, wa imvi, kabudula wake wong'ambika, manja ali phula lokhalokha. Ankamata boti limene analigoneka chafufumimba pamchenga. Ndinawapatsa moni wa pamwamba, wa munthu wovala tayi, n'kutsegula notibuku yanga.

Posakhalitsa panafika mayi wina, dengu pamutu, mwana kumbuyo, nkhope yotopa. Anatula dengu n'kunjuta pang'ono.

"Bambo, kodi Mulungu alipo?"

Makutu anga anaima. Mkulu uja sanadzutse n'komwe mutu.

"Kulibe, mayi."

"Iii, ndiye titani ife? Ine ndatopa n'kumudikira."

"Ambiri atopa. Ameneyo musamamudalire kwambiri, wakhumudwitsa anthu ochuluka."

Ndikuuzani zoona, ndinasangalala. Ndi tchimo, ndikudziwa, koma ndinasangalala. Miyezi iwiri ndikusaka atheist m'midzi yonse, ndiye nayu wakhala pamchenga ndi phula m'manja, akusocheretsa mayi wosauka masanasana. Ndinaimirira, n'kukonza tayi, n'kunena kuti pepani bambo, ndamva zimene mwauza mayiwa, ndipo ine monga mtumiki sindingakhale chete. Mayi, musataye mtima, Mulungu alipo.

Mayi uja anandiyang'ana ndi chiyembekezo n'kufunsa kuti ali kuti. Ndinati ali paliponse. Anatembenuka kuyang'ana kunyanja, kenako kwa ine, n'kukhala pa dengu lake.

Mkulu uja tsopano anadzutsa mutu. Anayang'ana tayi, anayang'ana notibuku, kenako anandifunsa mwaulemu kuti ndine wochokera kuti ndipo ndikulowera kuti. Ndinayankha monyadira kuti ndine mphunzitsi wa kwa Kuntumanji, ndikupita ku Chisi kukalalikira, ndipo anthu akundidikira. Iye anangoti, "Ooh." Pamlomo pake panadutsa kenakake. Ine ndinati mumtima ndi mantha amenewo, wadziwa kuti wakumana nazo.

Ndinayamba ndi yankho loyamba. Kusemina anatiphunzitsa chitsanzo cha wotchi, koma ine monga mphunzitsi ndimadziwa kuti mwana umamuphunzitsa ndi chimene akuchiona. Ndinamenya boti lija ndi chikhatho.

"Bambo, boti ili linadzipanga lokha?"

"Ayi, aphunzitsi. Ili ndinapanga ndine."

"Mwaona? Chilichonse chili ndi amene anachipanga. Nanga nyanja iyi, nanga phiri ilo..."

"Mulungunso ndinapanga ndine," anatero akupitiriza kumata. "Ndi manja awa. Ananditengera miyezi iwiri."

Wina kumbuyo kwanga anatsamwa ndi chinangwa. Anthu anali atayamba kuunjikana: amayi a matemba anasiya mathandala awo, akabaza anaimika njinga, ngakhale a bawo anabwera ndi nkhomo zili m'manja. Ndinamva akuseka chamumtima, ndipo ndinati akuseka mkuluyu. Magazi ananditentha. Izi zinali pa peji seveni ya notibuku yanga, pamutu wa anthu onena kuti Mulungu anapangidwa ndi anthu. Ndinawerenga mayankho onse anayi, limodzi limodzi, chala chili m'mwamba. Ndinamufunsa ngati sakuopa kuyankhula chonchi ali ndi imvi, manda ali pafupi. Anati saopa, chifukwa akunena zoona zokhazokha, ndipo aliyense pano angachitire umboni.

Gulu lonse linavomera kuti eee, akunena zoona bambowa.

Apa mtima wanga unasweka ndithu. Ndinaona kuti si munthu mmodzi, ndi doko lonse lasochera. Ndinadzimva ngati ndatumidwa. Mwina ku Chisi kunali kongodutsira, ntchito yeniyeni inali pano.

Ndinafunsa mkuluyo kuti chinamukhumudwitsa n'chiyani, poti kusemina anati anthu otere nthawi zambiri amakhala ndi bala. Anapukuta manja pa kabudula n'kunena kuti iye alibe chifukwa ndi Mulungu, kungoti Mulunguyo wakalamba, amachedwa, ndipo masiku ano samva msanga. M'mawa anthu amachita kumukoka kambirimbiri kuti adzuke.

"Ndiponso panopa si wathu ayi," anawonjezera. "Ali m'manja mwa Che Saidi. Ndinawapatsa chaka chatha. Lachisanu masana musamufune n'komwe, amakhala ali pafupi ndi mzikiti."

Ine ndakulira pakati pa Asilamu. Azakhali anga enieni ndi Msilamu, ndipo pa Idi mpunga ndimadya nawo popanda funso. Koma pamene panafika nkhaniyi ndinali nditasiya kuganiza. Ndinatsegula chigawo cha zipembedzo zina. Ndinanena kuti Mulungu si mbuzi yoti lero ili kwa uyu, mawa kwa uyo. Bambo wina wa kofiya amene anaima kutsogolo anagwira m'mimba, misozi ikutsika, akungogwedeza mutu kuti pitirizani, aphunzitsi, pitirizani. Ndinati mawu akumulasa.

Ndipo apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandidzutsa thukuta mpaka lero. Ndinaloza mkulu uja chala, munthu wa msinkhu wa bambo anga, n'kumuuza pamaso pa anthu kuti Malemba ali ndi dzina la munthu wokana Mulungu, ndipo dzinalo ndi chitsiru. Kuseka kunachepa pang'ono. Mkuluyo anangoweramitsa mutu n'kunena kuti zikomo, wamva.

M'malo moima pomwepo, ndinakwera pa boti lake lija, nsapato zanga za kutchalitchi zikumatirira phula. Ndinatambasula manja kuyang'ana khamu lonse.

"Anthu a pa Kachulu, musanamizidwe! Mulungu alipo, ndipo ndikukuuzani kuti akubwera!"

Mayi wa dengu uja anadzambatuka, nkhope yake itawala.

"Zoonadi, aphunzitsi. Uyo akubwera apoyo."

Mundikhululukire, ndinayamba ndayang'ana kumwamba.

Kenako ndinamva injini. Ndinatsatira chala cha mayiyo. M'kanjira ka madzi ka pakati pa mabango munatulukira boti lalikulu lobiriwira, lokalamba, likutsokomola utsi. M'mbali mwake munali malembo ofiira, aakulu moti ngakhale mwana wa Sitandade 1 akanawerenga: MULUNGU ALIPO. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti maboti onse pagombepo anali ndi mayina. Lina linali Zonse ndi Nthawi, ndipo mnyamata wina ankakuwa kuti a Zonse akwere. Anthu a pa Kachulu alibe nthawi yotchula dzina lonse la boti.

Phokoso limene linabuka sindingathe kulifotokoza. Amayi ena anakhala pansi. Wa kofiya uja anachita kugwiriziza mnzake. Ine ndinali chiimire pamwamba pa boti, manja akadali otambasula, ndipo nditafuna kutsika nsapato imodzi inatsalira pa phula.

Woyendetsa boti lija, bambo wamtali wa ndevu, anaponya chingwe n'kukuwa.

"A Namakhwa, mlendo wanu wa ku mpingo uja wafika?"

Mkulu wa kabudula wong'ambika anamatula nsapato yanga pa phula n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ndi awa, Che Saidi. Ntchito ayamba kale."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanathamangira minibasi. Koma a Namakhwa anali atanyamula kale chikwama changa. Ndinakwera, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pakati pa thumba la ufa ndi njinga. Kalata ija ndinali nditaiwerenga kale m'mutu mwanga: munthu ameneyu wanditchula chitsiru pagulu, asayandikire guwa.

Ulendo wa ku Chisi siwautali kwambiri, koma tsiku limenelo unali ngati wa ku Joni. Mayi wa dengu anafotokozera Che Saidi nkhani yonse, akuyerekeza mawu anga ndi manja omwe. Che Saidi anaseka mpaka boti linakhota. Atapuma anandiuza kuti pamene ankatenga botilo kwa a Namakhwa, abale ena anamuuza kuti afufute dzinalo alembe lina la Chiarabu. Iye anawafunsa kuti bodza lili pati pamenepo loti afufute. Ndinayang'ana notibuku yanga. Yankho la zimenezo munalibe.

Titafika pakati pa nyanja, a Namakhwa anasuntha n'kudzakhala pafupi nane. Ndinavula chipewa chimene ndinalibe, kunena kwake ndinangogwira mutu. Ndinapepesa. Ndinati ndawalakwira kwambiri, mawu aja sanali oyenera munthu wamkulu, ndipo ngati akufuna ndibwerere ndi boti lomweli, ndibwerera.

A Namakhwa anati cholakwa n'chawonso, chifukwa anazindikira msanga pamene ndasochera koma anandisiya dala, poti pa Kachulu zosangalatsa n'zochepa. Anati mawu a chitsiru awapweteka, sabisa. Koma anati zaka zonsezi akhala akunena kuti Mulungu kulibe, Mulungu wachedwa, Mulungu wafa injini, alendo ovala bwino akumva, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzukapo pamthunzi kuti afunse.

"Inu mwadzuka, aphunzitsi. Mwadzuka molakwika, koma mwadzuka. Mawa mulalikira. Kalata ndilemba nditamva ulalikiwo, za lerozi sindilemba, poti abusa azimva okha isanafike kalatayo."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinafuna kunena mawu akuluakulu othokoza, ndipo ndinali nditayamba kale kuwasanja, loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pamenepo ndinamva kuzizira kumapazi. Nditayang'ana pansi, madzi anali atafika m'masokosi, thumba la ufa anthu akulikweza pamiyendo.

A Namakhwa anapisa dzanja pansi pa thabwa n'kutulutsa chigubu chodula pakati. Anandiika m'manja.

"Ndi pakamwa mwamuteteza mokwanira. Tsopano kapani madzi, aphunzitsi, Mulungu angamire."

Ndinakapa mpaka ku Chisi, tayi ili paphewa.

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiuza kuti kulibe Mulungu, ndimayamba ndafunsa kuti wanyamuka nthawi yanji.